Kusaka Eliki ndi Khasu

Loweruka masana, m'kadimba kawo ka lendi kuseri kwa njanji ya tiramu ku Croydon, mumzinda wa London, a Rogers Kaphaizi anali atakhala pa ndowa yovundikira akunola khasu. Mlamu wawo Wiseman anawapeza pomwepo, atatumidwa ndi funso limodzi lokha: ku Sweden kuja, kokasaka eliki, awapezere munthu wowatsogolera m'tchire kapena ayi?

Funsolo linali laling'ono, koma linali ndi mizu. Glory, mwana yekhayo wa a Rogers, anapeza mwamuna wa ku Sweden dzina lake Nils, ndipo bambo a mnyamatayo, a Gunnar, anabwera ku London kudzadziwana ndi asewere awo. M'malo odyera mmene anakumana munali phokoso. Chingerezi cha a Gunnar n'chokhota, cha a Rogers nachonso chili ndi makona ake. Amayi ndi ana ali kumapeto ena a tebulo pa nkhani za madiresi, a Gunnar anafotokoza kuti kwawo masamba akayamba kuyoyoka amuna amatseka maofesi n'kulowa m'tchire kukasaka nyama yotchedwa eliki, imene ena amati muusi. Khutu la a Rogers linatola mausi. Mausi pa Chingerezi ndi mbewa.

Eliki si mbewa, ndinene msanga. Ndi chinyama cha nyanga zotambalala, chachitali kuposa ng'ombe yamphongo, choti galimoto ikachigunda wolira ndi mwini galimoto. Koma palibe amene anawauza a Rogers, poti palibe amene ankadziwa kuti sakudziwa.

Ndipo musawaseke kwambiri. Munthuyu wakhala ku London zaka zambirimbiri akukankha mabedi a odwala, osafunsidwapo ndi aliyense za chinthu chimene amachidziwa kuposa onse. Liwu loti mbewa linaletsedwa m'nyumba mwake kuyambira tsiku limene Glory, ali kamtsikana, anakaulula kusukulu zimene abambo ake ankadya ku Mchinji, n'kubwerako akulira chifukwa anzake ankamulirira ngati amphaka. Ndiye lero mzungu wathunthu, wandevu zake, avomere yekha pagulu kuti kwawo amasaka zomwezo, mpaka kutseka maofesi? A Rogers anatsala pang'ono kugwetsera misozi m'mbale. Anafotokoza za luso lawo mpaka a Gunnar anaika foloko pansi n'kuwaitana kuti chaka chino akasake nawo. Dzina loti eliki analilandira ngati mphatso. Anaganiza kuti ndi kapuku wa kumeneko, ndipo linali dzina loti akhoza kulitchula ngakhale Glory ali pomwepo.

Wiseman ndi mlongo wa akazi awo. Anabadwira ku Matero, ku Lusaka, ndipo tchire analionera pawindo la basi. Ntchito yake ku Lewisham ndi yolemba magalimoto oimikidwa polakwika, ndipo mawu a anthu amawatenga momwemo: chanenedwa chanenedwa, osachotsa, osaonjezera. Iye eliki ankaidziwa bwinobwino, poti Glory anamuonetsa vidiyo ya imodzi ikuwoloka msewu.

"Gaidi," anatero a Rogers osadzutsa mutu. "Wa ndani?"

"Wanu, ba mulamu. Glory ati ba Gunnar bafuna yankho lelo. Ni munthu wa kwamene kuja, adziwa thengo, ali na galu, ali na mapepa a mfuti."

"Mukamuuze Glory kuti abambo ake anayamba kusaka eliki asanavale nsapato."

"Nsapato munayamba liti kuvala?"

"Alamu."

"Nifunsa chabe kuti nikakambe zoona."

A Rogers anapitiriza kunola. Mumtima munali mukuwira. Asewere awo anali ndi nkhalango yawoyawo, nyumba ya m'mbali mwa nyanja, ndi mano onse. Pa ukwati wa mwana wawo adzawaposa pa chilichonse, ndipo a Rogers anali atavomereza kale zimenezo. Koma pa eliki pokha ayi. Kukafika kumeneko n'kugwiridwa dzanja ndi munthu waganyu, pamaso pa asewere, pa chinthu chimodzi chokha chimene Mulungu anawapatsa, kumeneko kunali kuvulidwa pagulu.

Wiseman anatulutsa foni nati mwina ayambe aona vidiyo ija. A Rogers anamuonetsa manja amatope, n'kufunsa ngati iye amafunika vidiyo kuti adziwe mzere wachikasu wa pamsewu woletsa kuimika galimoto. Wiseman anaganiza pang'ono, nati safunika, nabweza foni m'thumba.

"Manje mfuti," anatero. "Bakamba ati bazakubwerekani, koma gaidi afunika ankhale pafupi."

"Mfuti ya chiyani?"

"Yoombela eliki."

Khasu linaima. "Mukaiombera ndi mfuti mutolapo chiyani? Mchira?"

"Mu vidiyo muchila sininauone."

"Simungauone. Imathamanga."

"Nanga imwe mumapaya na chani?"

A Rogers anakweza khasu lija, la mpini wa kwawo, limene analilowetsa m'dziko muno litakulungidwa m'chitenje. Wiseman analiyang'ana kuyambira kumpini mpaka kunsonga, pang'onopang'ono, monga amachitira ndi galimoto imene sakudziwa mlandu woilembera.

"Koma khasu ndi lokumbira chabe," anaonjezera a Rogers, kuti mlamu wawo asakanene zolakwika. "Kupha timapha ndi manja. Ikangotulutsa mutu, kuigwira apa," anadzigwira kumbuyo kwa khosi, "n'kuimenyetsa pansi kamodzi. Basi."

"Kamodzi."

"Ikakhala yamakani, kawiri."

Wiseman anasiya khasu n'kuyamba kuyang'ana manja. Anali manja wamba, a munthu wamsinkhu wapakati, chala chimodzi chomangidwa pulasitala. Anafunsa kuti chokumbidwacho n'chiyani, ndipo atauzidwa kuti ndi una, ananena mwaulemu kuti ya mu vidiyo ija inali pamtunda, pakati pa msewu, ikuyang'ana basi.

"Imeneyo ndi yopusa," anatero a Rogers. "Zanzeru zimakhala pansi."

Apa mphunzitsi anadzuka mwa iwo. Anajambula padothi ndi chala mmene una umayendera, mmene eliki imatsekera khomo ndi dothi kuti mlenje aganize kuti njira yathera pomwepo, ndi mmene imabisira mbuli, kakhomo kothawira, kumbuyo kwa tsinde la udzu. Wanzeru amayamba watseka mbuliyo ndi phazi. Kenako umakumba mpaka kufika pafunkha, pogona pake, ndipo tsiku likakukomera umapeza banja lonse litaunjikana: mayi, ana, azakhali, ndi alendo omwe.

"Ndi phazi," anatero Wiseman.

"Chidendene chimakwana."

"Kukumba una wa eliki mumankhala anthu angati?"

"Ine ndi mng'ono wanga. Tikatha tinkasamba n'kupita kusukulu."

Wiseman anayang'ana pansi pamene anaima, pakati pa mizere ya mpiru. Kenako, mosafuna kuonetsera, anasuntha n'kukaima pa thabwa la m'njira.

Anayesa njira ina. Anati Glory wanena kuti nyamayi ndi yoopsa, makamaka yaikazi ikakhala ndi mwana. A Rogers anavomera kuti imaluma ndithu, naonetsa kachipsera kapachala kooneka ngati ka singano, koma anati choopsa chenicheni ndi kupisa dzanja muuna n'kupeza kuti mwini wake anasamuka, mwalowa njoka. Wiseman anafunsa ngati njoka imatha kuthamangitsa eliki m'nyumba mwake. A Rogers anati imaimeza kumene. Pankhope pa Wiseman panaoneka kuti maganizo opita ku Mchinji patchuthi awasiya.

"Galu wa gaidi ni wophunzila," anatero Wiseman. "Akaipeza auwa, aiimika pamalo pamodzi mpaka anthu bafike."

"Galu musatenge."

"Chifukwa?"

"Amameza musanafike. Tinali naye wina dzina lake Sindikhuta. Ukati ukweze mutu, wapeza akunyambita milomo, mchira uli panja."

"Muchila wa galu?"

"Wa eliki."

"Agalu a ku Mchinji ni akulu bwanji?"

"Owonda. Nthiti kuwerengeka."

Tiramu inadutsa kuseri kwa mpanda, anthu a m'mawindo akuyang'ana amuna awiri aja popanda chidwi. Wiseman anaidikira kuti ipite, poti sakonda kupikisana ndi phokoso, kenako anafotokoza zimene anamva za kasakidwe ka kumeneko. Boma limaziwerenga nyamazi, n'kuuza gulu lililonse malire ake. Gulu la a Gunnar, amuna akuluakulu a mudzi wonse, limatha kukhala m'tchire sabata yathunthu n'kupha imodzi. Akapha amajambulitsa nayo, kenako amagawana nyama mabanja onse.

A Rogers anaika khasu pansi. Chisoni chinawagwira chenicheni, osati chachinyengo.

"Imodzi."

"Nthawi zina ziwili."

"Mudzi wonse."

"Ehe."

"N'kugawana."

"Ati imakwanila mpaka chaka chithe."

"Azungu amadya pang'ono, izo ndikudziwa," anatero a Rogers. "Koma iyi ndiye njala. Ndiye gaidi wanuyo, ndi galu wake wa sukuluyo, ndi amene akhala akuwathandiza kupha imodzi pa sabata? Ameneyo ndi amene akanditsogolere ine?"

"Bamaikoka na thilakitala kuchoka mu thengo."

"Ulesi umenewo. Ife tinkaika m'matumba a kabudula."

"Matumba a kabudula."

"Kumanzere ndi kumanja. Zikachuluka, m'chipewa."

Wiseman anapisa dzanja m'thumba la buluku lake, nalizunguza m'katimo, nalitulutsa. Iye sakhulupirira kuti munthu wamkulu anganame, makamaka mkulu wa mpingo amene anakwatira mlongo wake. Choncho mutu wake unafunafuna njira yoti zonse zikhale zoona nthawi imodzi, ndipo unaipeza. Kunena zoona, apa nkhani yonse inatsala pang'ono kuthera bwino.

"Kapena za kwanu ni zing'ono," anatero.

Kukanakhala kuti anafunsa munthu wina, bwenzi choonadi chitatuluka. Koma anafunsa munthu wa ku Mchinji za zinthu za ku Mchinji.

"Zing'onozing'ono? Za kwathu?" A Rogers anaimirira pa ndowa paja. "Alamu, inu munakulira pa mabanzi. Za kwathu zimadya mtedza. Zimanona mpaka kulephera kutembenuka muuna. Ina ndinapha, anthu anachoka kumsika kudzaiona. Za ku Sweden zimadya chiyani m'chisanu muja?"

"Ati masamba a mitengo."

"Mwaona. Ndikapeza mafupa okhaokha."

Wiseman anapepesa. Anati sanafune kunyoza eliki za ku Mchinji, ndipo a Rogers anakhululuka n'kukhalanso pansi. Mwayi uja unadutsa choncho, osabweranso.

"Nanga nyanga?" anafunsa Wiseman. "Mumachita nazo bwanji?"

A Rogers anayang'ana uku ndi uku. M'dimba loyandikana nalo munali mayi wina wa ku Jamaica akuthirira anyezi, ndipo ngakhale sakanamva liwu ndi limodzi lomwe, a Rogers anatsitsa mawu. Kwawo munthu akati nyanga pa nkhani ya ulenje, sanena za pamutu pa nyama. Amanena zija zobisa kudenga, zokulungidwa ndi mikanda, zimene alenje ena ankadalira kuti aphe zambiri.

"Ine ndine mkulu wa mpingo. Nyanga sindinagwirepo."

"Mumazisiya mu thengo?"

"Sindipita nazo n'komwe."

"Ba Gunnar bali nazo zambili."

"Mwati bwanji?"

"Pa chipupa cha pa siting'i lumu. Zina ni za batate bao, zina za bambuya bao."

"Poyera? Pabalaza?"

"Pamwamba pa TV. Zina bamakolekapo visote."

A Rogers anaganiza za Glory. Mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anamulera ndi mapemphero a m'mawa ndi madzulo, akukalowa m'banja loti nyanga amakolekapo zipewa. Anafunsa ngati Glory akudziwa. Wiseman anati akudziwa bwino, anazigwirapo kale, ndipo pali chithunzi chimene anaziika pamutu pake akuseka. A Rogers anatseka maso n'kuyendetsa milomo kwa kanthawi.

"Ndiye ndi nyanga zonsezo," anatero atatsegula maso, "akupha imodzi pa sabata."

"Nthawi zina ziwili."

"Ndipita. Tsopano ndiye ndipita ndithu, ndipo ndipita wopanda gaidi. Akaone ndi maso awo kuti munthu wopemphera amapha ndi khasu zimene iwo zikuwakanika ndi nyanga."

Atatero anayamba kukonza za tsiku loyamba. Anafunsa ngati kumeneko udzu umakhala utauma nyengo imeneyo, poti asanakumbe amayamba atentha, kuti mauna aoneke. Wiseman anafunsa kuti chotenthedwacho n'chiyani.

"Tchire."

"La ba Gunnar?"

"Nanga la ndani?"

"Ni mitengo ya mapulanga ija. Ati banabyala ni bambuya bao."

"Imaphukanso."

"Mphepo ikatembenuka?"

"Zimachitika," anatero a Rogers mofatsa. "Koma za moto musamuuze Glory. Ndikawaonetsa ndikafika, chikakhale chodzidzimutsa."

Apa Wiseman anagonja. Iye anatumidwa kudzafunsa, ndipo wafunsa. Munthu wamva yekha, manja waona yekha, chipsera waona yekha. Anavula kapusi yake, zimene sachita kawirikawiri, nati wakhala zaka zonsezi akudya nawo pa Khirisimasi osadziwa kuti akukhala pafupi ndi ndani. A Rogers anati si kanthu, ndi mphatso chabe, koma mawuwo anawalowa mpaka m'mafupa.

Wiseman anaimbira Glory, amene anali ku Woolwich ndi Nils, naika foni pokweza mawu kuti onse amve. Anapereka lipoti m'Chingerezi, mwadongosolo, ngati akuwerenga nambala ya galimoto. Gaidi ayi. Mfuti ayi, imaononga nyama. Galu ayi, amameza. Abambo ako amagwiritsa ntchito khasu ndi manja, kamodzi, ikakhala yamakani kawiri. Za una ndi matumba a kabudula sanazitchule, poti sanatumidwe zimenezo. Anamaliza ndi kunena kuti palinso nkhani ya moto imene wauzidwa kuti asanene.

Kenako Glory anati a Gunnar akhala akusimba zomwezi mudzi wonse chibwerere kuchokera ku London, ndipo iye ankaganiza kuti abambo ake ankangokometsa nkhani pa tebulo, n'chifukwa chake ankaopa kuti akachita manyazi kapena akavulala. Koma ngati akunena ndi amalume Wiseman, amene sanaonjezepo liwu pa nkhani chibadwire, ndiye kuti ndi zoona. Anati adikire pang'ono, aimbire ku Sweden.

Podikira, a Rogers anakhala owolowa manja.

"Ndidzakubweretserani ziwiri, alamu. Zofutsa bwino, zamchere."

"Ziwili zonse?"

"M'thumba la jekete. Pabwalo la ndege sayang'ana m'matumba a munthu wovala tayi."

"Lifiti ya ku fulati yathu ni ing'ono."

"Mudzakwera masitepe. Koma mudye mwa kwathu, osati zodula ndi mpeni. Kuyambira kumutu, yathunthu. Mutu ndiye wokoma, umalira pamano."

Wiseman anawayang'ana pakamwa. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka a Rogers anadzipukuta, poganiza kuti pali dothi.

Foni inalira. Anali Glory, ndipo anapempha kuti ilunjike kwa abambo ake. Mwanayu Chichewa amamva chonse koma anasiya kuyankhula chaka chomwe chija cha amphaka. Lero anakonza pakhosi, naima, nayambanso, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala.

"Adadi. Ine ndikunyadira inu."

Zotsatira anazinena m'Chingerezi chothamanga cha ana a ku London, zambiri ndithu, Nils akuthirira ndemanga kumbuyo. A Rogers sanamve ngakhale chimodzi. Makutu awo, omwe aja anayambitsa zonsezi, anali odzaza ndi mawu a Chichewa aja. Anatembenukira kumpanda n'kudzipukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, nati anyezi a mayi wa ku Jamaica uja ndi aukali chaka chino. Anali asanasangalalepo chotere chifikire m'dziko lino. Wiseman yekha ndiye anamva zonse, akugwedeza mutu pa mfundo iliyonse, mpaka foni inadulidwa.

"Ba Gunnar batuma chithunzi," anatero. "Ni ya chaka chatha. Bafuna muone ngati kwanu ingankhale ing'ono."

Munthu wokondwa sakana kanthu. A Rogers anapukuta manja pa buluku, navala magalasi, nalandira foni ndi nkhope ya dokotala woitanidwa kudzaona wodwala wa mnzake. Anayang'ana. Anaitalikitsa foniyo, naibweretsanso pafupi.

"Ng'ombe iyi yatani?"

"Si ng'ombe."

"Chabwino. Eliki ili pati?" Anali akufufuza mu udzu, pafupi ndi ziboda.

"Ni iyo."

"Iti?"

"Yonse."

A Rogers anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, nawavalanso. Chinyama chija chinali chikadali pomwepo, chitagona chammbali kuyambira kumapeto ena a chithunzi mpaka kumapeto enawo.

"Nanga aka kali pambalika?"

"Ba Gunnar."

"Ka kumbuyoko?"

"Thilakitala."

"Mitengo ili pamutuyi?"

"Nyanga."

Chinthu chimodzi chokha chinawapepukira mumtima, choti asewere awo sanali mfiti. Zina zonse zinalemera nthawi imodzi. Anakumbukira mmene a Gunnar anaikira foloko pansi tsiku lija, ndipo kwa nthawi yoyamba anamvetsa nkhope imene anaiona. Iwo ankayesa kuti ndi ulemu wa mlenje kwa mlenje mnzake.

"Alamu," anatero ndi mawu ang'onoang'ono. "Pa Chingerezi, muusi ndi mausi, si chimodzimodzi?"

"Iyayi. Muusi ni iyi. Mausi ni mbeba. Zija mumadya ku Mchinji."

"Oho."

"Mwafunsila chani?"

"Palibe. Kuonjezera Chingerezi basi."

Wiseman anavomera kuti ndi bwino munthu kuonjezera Chingerezi. Anaima pathabwa pake, kapusi m'manja, akudikira chigamulo pa kukula kwa nyamayo.

A Rogers anayang'ana khasu lawo. Linali lakuthwa bwino, likunyezimira padzuwa, ndipo linali lisanaonekepo laling'ono chotere. Kuulula kunali kosavuta: liwu limodzi lokha, lija loletsedwa, ndipo zonse zikanathera m'kuseka. Koma likanafika kwa a Gunnar, n'kufika mudzi wonse wa ku Sweden, n'kufika kwa Glory, amene wangoyankhula kumene Chichewa. Amphaka aja akanaliranso, ulendo uno pa ukwati.

"Ndi yapakatikati," anatero, akubweza foni. "Si yoipa."

"Nizabauza."

"Komanso ndaganiza, alamu. Munthu wa gaidi uja ayenera kuti ali ndi ana. Si chikhristu kumulanda mnzako ganyu chifukwa choti iwe uli ndi mphatso. Timutenge. Abwere ndi galu wake, ndi mfuti yake, ngati ali ndi ziwiri abwere nazo zonse. Aziyenda patsogolo, ine ndizimuona kumbuyo mmene akuchitira, ndizimukonza."

Wiseman anavala kapusi yake, naiwongola bwinobwino.

"Gaidi bamuuza kale kuti apumule, ba mulamu. Glory akamba, simunamve? Gaidi ni imwe manje. Mfuti bonse bazasiya ku nyumba. Ba Gunnar bafunsa chabe kuti makasu bagule angati."